Boma liike malire a poizoni m'mabatire, ndipo akutha azibwerera kwa owagulitsa

A Mkonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za katundu amene amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse kuno ku Mchinji, koma amene sindinamvepo akutchulidwa pamsonkhano wa chitukuko, pabwalo la mfumu, ngakhale pamisonkhano ya ofuna uphungu. Ndikunena mabatire: a m'tochi, a m'wailesi, a m'mawotchi, a njinga zamoto za kabaza, ndiponso aakulu aja amene timalumikiza ku sola. Pempho langa kwa boma ndi kwa aphungu athu ndi lakuti pakhale malire olembedwa m'malamulo, odziwika kwa wogula ndi wogulitsa yemwe, onena mlingo wa zitsulo za poizoni za mercury, cadmium ndi mtovu umene batire lolowa m'dziko muno lisapitirire, komanso pakhale njira yakuti batire likatha lizibwerera kwa amene analigulitsa.

Chandichititsa kutenga cholembera ndi zimene ndinaona pakhomo panga mwezi watha. Pochokera kudimba madzulo ndinapeza mdzukulu wanga wa zaka 7 ali ndi anzake awiri kuseri kwa nkhokwe, akuswa batire lakutha la wailesi ndi mwala. Chimene ankafuna ndi kandodo kakuda kamene kamakhala pakati, kuti azilembera pakhoma. Manja onse anali bii, ufa wakuda utamwazika pamwala ndi pamalaya, ndipo mmodzi wa iwo anali atafumbata mbatata yootcha m'dzanja lomwelo, uku akuluma uku akuswa. Ndinawakalipira, n'kuwasambitsa m'manja ndi sopo, koma usiku umenewo ndinasowa tulo, chifukwa ndinakumbukira kuti ine ndemwe, pa zaka zambiri zimene ndinagwira ntchito yauphunzitsi, ndinkatuma ana kuti Lachisanu abwere ndi mabatire akutha. Tinkawaswa, n'kusakaniza ufa wake ndi madzi ndi masamba a kholowa osinja, n'kupaka pabolodi kuti lide bwino choko chizioneka. Ana ankapaka ndi manja, ndipo amene wapaka mosalala ndinkamuyamikira pamaso pa anzake. Ndinkaphunzitsa sayansi, komabe sindinadzifunsepo kuti mu ufa umenewo muli chiyani.

Nkhaniyi si ya banja langa lokha. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira m'nyumba ndi zounikira za mabatire, pomwe ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Koloboyi amene tinakulira naye anachoka pang'onopang'ono, ndipo sindimulira, chifukwa utsi wa parafini unkadetsa mphuno za ana ndipo moto wake unapsereza nyumba zambiri. Koma tochi imene inalowa m'malo mwake imadya mabatire sabata ndi sabata. Akafooka timawayanika padzuwa kuti akankheko masiku awiri, akatheratu timawaponya kudzala, m'chimbudzi kapena pamoto wa zinyalala. Kudzala komweko ndi kumene timafukula manyowa opita kudimba, ndipo ine ndakhala ndikutola timabatire tadzimbiri, totupa ndi totuluka zoyera, pakati pa mizere ya mpiru ndi tomato.

Batire wamba la tochi ndi kachikho ka zinc kodzazidwa ndi ufa wa manganese ndi kaboni, kandodo kaja kali pakati. Kwa zaka zambiri opanga ankathiramo mercury pang'ono kuti zinc asadyeke batire lidakali pashelufu, ndipo mu zinc momwemo ankasakanizamo mtovu ndi cadmium pang'ono kuti kachikho kaumbike mosavuta ndi kulimba. Timabatire tokhala ngati batani, ta m'mawotchi ndi m'zipangizo zothandiza kumva, ndi timene tinkakhala ndi mercury wochuluka. Cadmium amapezeka wambiri m'mabatire otchaja olembedwa NiCd. Mtovu ndiye mwini wa mabatire a galimoto, a njinga zamoto, ambiri a sola, ndiponso timabatire tolemera timene timakhala m'tochi zina zotchaja. Chimene zitsulo zitatuzi zikufanana ndi chakuti siziwola. Chitsotso chimawola, ndowe zimawola, pepala limawola, koma mtovu umene wagwera m'dothi lero udzapezedwa ndi adzukulu a adzukulu athu uli momwemo, ndipo kuutentha kumangousandutsa utsi ndi phulusa zimene zimalowa m'thupi mosavuta kuposa poyamba.

Mayiko a mu European Union anayamba kuika malamulo pa zimenezi mu 1991. Lamulo lawo la mu 2006 linaletsa kugulitsa batire lokhala ndi mercury woposa 0.0005 peresenti ya kulemera kwake, ndiponso batire laling'ono lonyamula m'manja lokhala ndi cadmium woposa 0.002 peresenti. Timabatire ta batani tinaloledwa kwa kanthawi kukhala ndi mercury wofika 2 peresenti, koma chilolezo chimenecho chinatha mu Okutobala 2015, ndipo chilolezo cha cadmium m'mabatire a zida zoboolera ndi zochekera zopanda nthambo chinatha kumapeto kwa 2016. Lamulo lomwelo linati batire lopitirira milingo ina lilembedwe chizindikiro cha chitsulo chake, Hg kuimira mercury, Cd kuimira cadmium, Pb kuimira mtovu ukaposa 0.004 peresenti, pansi pa chithunzi cha bini yokhwatchidwa, kutanthauza kuti lisatayidwe pamodzi ndi zinyalala zina. Mu 2023 anakhazikitsa lamulo latsopano limene linawonjezera kuti kuyambira pa 18 Ogasiti 2024 batire laling'ono lisakhale ndi mtovu woposa 0.01 peresenti. Dziko la America nalo linaletsa mercury m'mabatire ambiri a m'nyumba mu 1996.

Manambala okhala ndi maziro ambiri chonchi sagwirika m'mutu, choncho ndinawatembenuza ndi sikelo imene mlimi aliyense amaidziwa. Tiyerekeze thumba la makilogalamu 50 lodzaza mabatire. Mercury wololedwa m'thumba lonselo ndi kota ya galamu, kulemera kwake pafupifupi ngati njere imodzi ya chimanga. Cadmium wololedwa ndi galamu imodzi, ngati njere zitatu kapena zinayi. Mtovu wololedwa ndi magalamu 5, njere zosakwana kudzaza chikhatho cha mwana. Anthu amene ali ndi galimoto zotola zinyalala, malo otayirako otetezedwa ndi zipatala zoyeza magazi anaona kuti kuposa njere imodzi m'thumba ndi kochuluka kale. Nanga ife amene dzala lathu lili mapazi ochepa kuchokera pachitsime, ndipo nkhuku zimapalasa pomwepo?

Sanafike pa milingo imeneyi chifukwa cha mantha opanda pake. Mu 1956 madokotala a m'tauni ya Minamata ku Japan analengeza za matenda achilendo: anthu ankachita dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kuyenda modzandira, kulephera kulankhula, ndipo ana ena ankabadwa ubongo utawonongeka kale. Gwero lake linali mercury amene fakitale ya mankhwala inkatayira m'nyanja, n'kulowa mu nsomba zimene anthu ankadya. M'chigawo cha Toyama, m'dziko lomwelo, cadmium wochokera kumgodi analowa mu mtsinje wa Jinzu umene alimi ankathirira mpunga, ndipo odya mpungawo, makamaka amayi achikulire, anawonongeka impso, mafupa n'kufewa mpaka kumathyoka okha. Matendawo anawatcha itai-itai potengera kulira kwa odwala, ndipo boma la Japan linavomereza gwero lake mu 1968. Ndinene moona kuti ngozi ziwirizi sizinachokere ku mabatire, komanso batire limodzi la tochi silingadwalitse mudzi. Zimene zinaphunzitsa dziko ndi njira imene zitsulozi zimayenda: kuchoka m'madzi ndi m'dothi, kulowa m'chakudya, n'kumaunjikana m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri munthu asanazindikire kanthu.

Dzina la tauni ya Minamata ija ndi limene linaperekedwa ku pangano la mayiko lochepetsa mercury, limene linavomerezedwa mu Okutobala 2013 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 16 Ogasiti 2017. Panganoli linati pofika 2020 mabatire othiridwa mercury asapangidwenso, asatumizidwe kunja ndiponso asalowetsedwe m'mayiko, kupatula mitundu iwiri ya timabatire ta batani, ndipo pamsonkhano wa ku Geneva mu 2023 mayiko anagwirizana kuti iwirinso imeneyo ithe pofika 2025. Dziko la Malawi linasaina panganoli mu 2013 ndipo linalivomereza kwathunthu mu 2023. Choncho pa mercury sindikupempha chachilendo, ndikungokumbutsa lonjezo limene tinapanga tokha. Koma panganoli silinena za cadmium kapena mtovu. Pa ziwirizi dziko lililonse limadziikira lokha malire, ndipo limene silinaike, kapena laika koma silikuyeza, ndilo limasanduka msika wa katundu amene kwina wakanidwa. Wamalonda sataya katundu chifukwa chipata chimodzi chatsekedwa, amayang'ana chimene chili chotsegula.

Tsiku la msika pa Kamwendo ndinazungulira m'maokala ndi pa mabenchi, magalasi ali pamphuno, ndikuwerenga zolembedwa pa mabatire, mpaka mnyamata wina wogulitsa anandifunsa ngati ndatumidwa ndi boma. Mitundu ina inalembedwa kuti mulibe mercury ndi cadmium. Ina inali ndi chithunzi cha bini yokhwatchidwa ndi zilembo Pb pansi pake. Ina sinanene chilichonse, ngakhale dziko limene inapangidwa, ngakhale tsiku limene idzathe mphamvu, koma pepala lake lonyezimira kuposa onse, chikomekome cha mkuyu. Mwa ogulitsa amene ndinawafunsa, panalibe anadziwa tanthauzo la Pb, ndipo sindikuwadzudzula, popeza palibe anawauzapo. Komanso mawu akuti mulibe mercury ndi mawu a mwini katundu, ndipo inki ndi yotsika mtengo. Amakhala ndi phindu pokhapokha pali wina woima payekha amene nthawi ndi nthawi amatenga batire n'kuliyeza.

Apa ndi pamene ndikupempha bungwe loona za milingo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, pamodzi ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la mu 2017. Sitikufunika kuyamba kafukufuku wathu wathu kuti tipeze manambala. Titenge omwewo a 0.0005, 0.002 ndi 0.01 peresenti, popeza mafakitale aakulu a padziko lapansi anazolowera kale kupanga katundu wokwaniritsa milingo imeneyi. Wobweretsa mabatire azionetsa chikalata chochokera ku labotale yovomerezeka chonena za mtundu uliwonse umene akulowetsa, ndipo pa katundu wolowa azitapapo ochepa n'kukawayeza, mtengo wa kuyezako ulipiridwe ndi wobweretsayo. Kuyeza kwake n'kwa mu labotale, kumene batire amaliphwanya n'kulisungunula mu asidi, choncho sikungachitikire pachipata galimoto ili chiimire, koma palibenso chifukwa choyezera katoni iliyonse. Chofunika kwambiri n'chakuti zotsatira zizilengezedwa poyera, pawailesi ndi m'nyuzipepala, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina zathu, kutchula mitundu imene yapambana ndi imene yalephera, kuti mayi wogula mabatire awiri pa Kapiri kapena pa Mkanda adziwe chimene akunyamula.

Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinatsegulidwa mwatsopano mu Disembala 2022 kuti galimoto ziziima kamodzi kokha, ndi malo oyenera kufunsirapo zikalata zimenezi. Koma ife a kuno tikudziwa kuti boma lathu la Mchinji lachita malire ndi Zambia komanso Mozambique, ndi kuti katoni ya mabatire imakwana bwinobwino pakaliyala ya njinga yodzera njira zachidule. N'chifukwa chake kutapa mabatire okayeza kuzichitikanso m'mahosela ndi m'misika, ndipo akuluakulu athu akambirane ndi anzawo a mayiko oyandikana nafe kudzera mu SADC ndi COMESA kuti mlingo ukhale umodzi mbali zonse za malire. Tili nalo kale phunziro la mapepala apulasitiki opyapyala. Boma linaletsa osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pepala) mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbo opyapyala sanasowe m'misika. Nambala inalipo ndithu, chimene chinavuta ndi kuitsata.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiopsa kuposa zonse, chimene malire a peresenti sangachikhudze n'komwe. Batire la galimoto kapena la sola silikhala ndi mtovu wongowazamo. Kuposa theka la kulemera kwake ndi mtovu weniweni, womizidwa mu asidi. Mtovu wochuluka wa padziko lonse, pafupifupi magawo 85 pa 100, umathera m'mabatire oterewa. Sitingawaletse, chifukwa ndi amene akuyatsa mababu m'midzi, kutchaja mafoni, kuyendetsa makina ometera ndi kudzutsa njinga za kabaza. Ndiponso pamene lili lotseka batire lotere silivulaza munthu. Vuto limayamba likafa, ndipo a sola amafa msanga, chifukwa timawakama mpaka kutheratu usiku uliwonse, ambiri popanda kachipangizo kowongolera moto kaja.

Langa litafa chaka chatha ndinapita nalo kwa mmisiri wina wodziwika kuti amadzutsa mabatire, pamalo ena ochitira malonda amene sindiwatchula. Ndinakhala pabenchi n'kumaonerera. Anayamba wakhuthula asidi pansi, pambali pa khonde, pamene dothi linali litayera kale ndipo udzu unaleka kumera. Anadula chivundikiro ndi mpeni wootcha, n'kusolola mapuleti, abwino kumanja, ophwanyika kumanzere, fumbi lotuwa likugwera pamiyendo pake. Zidutswa zina anaziika m'kachitini pambaula, n'kumakupiza ndi katoni mpaka zinasungunuka n'kumanyezimira, kuti aumbire mitu yatsopano. Mapazi ochepa kuchokera pamenepo mayi a kunyumba kwake ankakazinga zitumbuwa, ndipo mwana wawo wokwawa anali pansi, akutola tinthu n'kumaika m'kamwa monga achitira ana onse. Nditamuuza kuti, "Achimwene, utsi umenewu ndi fumbi ili si zabwino kwa mwanayu," anaseka mwaulemu n'kuyankha kuti, "Aphunzitsi, ntchitoyi ndinayamba kalekale, sindinagonepo nayo m'chipatala." Sankanama ayi. Ndipo ine, ndivomereze, ndinalipira n'kunyamula batire langa, popeza latsopano ndinalibe ndalama yake.

Kuipa kwa mtovu n'komweko, kuti suonetsa bala. Thupi limautenga ngati calcium n'kuusunga m'mafupa kwa zaka zambirimbiri, ndipo mayi akakhala woyembekezera umatuluka m'mafupamo n'kufika kwa mwana ali m'mimba. Mwana wamng'ono amayamwa mtovu wochuluka kuposa wamkulu pa mlingo womwewo umene wameza, ndipo umakawononga ubongo umene ukukula: amachedwa kugwira zinthu, sakhazikika, amaiwala msanga, ndipo zimenezi sizibwerera mwakale. Ukachuluka umabweretsa kuchepa kwa magazi, kupotokola m'mimba, kusanza ndi kukomoka, zizindikiro zimene kuno aliyense angathamangire kunena kuti ndi malungo, ena n'kuyamba kuloza zala anthu okalamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mu 2020 bungwe la UNICEF pamodzi ndi la Pure Earth analengeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu m'magazi pamlingo wodetsa nkhawa, ndipo kuphwanya mabatire mosasamala anakutchula ngati limodzi mwa magwero aakulu. Monga mphunzitsi ndimakumbukira ana amene ndinkawalembera kuti ndi aulesi, ndipo mtima sukhala m'malo.

Zimenezi zachitikira anzathu a mu Africa momwe muno. M'dera la Thiaroye-sur-Mer mumzinda wa Dakar ku Senegal, kumene anthu ankaphwanya mabatire akutha ndipo amayi ankasefa dothi pakhomo kuti apeze tizidutswa ta mtovu togulitsa, ana 18 anamwalira pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008. Ku Owino Uhuru mumzinda wa Mombasa ku Kenya, fakitale yosungunula mabatire inamangidwa moyandikana ndi nyumba za anthu, ndipo zinatengera mayi Phyllis Omido, amene ankagwira ntchito pomwepo mpaka mwana wawo anapezeka ndi mtovu m'magazi, kulimbana zaka zingapo kuti itsekedwe mu 2014. Mu 2020 khoti linagamula kuti anthu a m'deralo apepesedwe ndi ndalama za ku Kenya zokwana 1.3 biliyoni. Nkhani ya ku Kenya ikutichenjezanso kuti kukhala ndi fakitale si mathero a vuto ngati palibe woiyang'anira. Pafupi nafe pali Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi la m'mabwalo amene amasewera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Njira yogwirira mabatire aakuluwa tinaidziwa kale kuchokera ku mabotolo a zakumwa. Palibe anaonapo botolo lagalasi lobweza likugona kudzala, chifukwa lili ndi mtengo, ndipo mwana akaliona amathamanga nalo kugolosale. Lamulo linene kuti wogula batire latsopano la mtovu azibweza lakale, likasowa azisiya ndalama ya chikole imene adzaitenge tsiku lobweza. Wogulitsa akakamizidwe kulandira lakale lili lathunthu, asidi ali momwemo. Ndipo wobweretsa mabatire m'dziko azionetsa chaka ndi chaka kuti walowetsa angati, watolera angati, ndipo wawapereka kwa yani. M'madera ambiri a ku America amachita chimodzimodzi, ndipo kumeneko pafupifupi mabatire onse a mtovu, 99 pa 100, amabwerera kukasungunulidwa. Mfundo ya asidi isaiwalike, chifukwa ogula zitsulo zakutha amene amayendayenda m'midzi ndi sikelo amafuna batire louma, ndipo mwini wake amakhuthula asidiyo paliponse pamene waima. Otoleredwawo akamatumizidwa kunja, pangano la Basel la mu 1989 lokhudza kutumiza zinyalala zoopsa kunja, limene dziko lathu lili nawo, limafuna kuti dziko lolandira livomereze kaye, ndipo tizionetsetsa kuti akupita ku fakitale yoyenera, osati kukasamutsira tsoka kwa ana a anthu ena.

Mmisiri uja asathamangitsidwe ngati chigawenga. Iye ndi anzake ndi amene akudziwa kumene kuli batire lililonse lakufa m'dera lawo, choncho ndi amene ayenera kupatsidwa chilolezo chokhala otolera, n'kumalandira kangachepe pa batire lililonse limene apereka losatsegula, koposa kamene amapeza polisungunula. Lamulo limene lingamulande ntchito popanda kumupatsa ina lidzangosamutsa mbaula ija kuchoka pakhonde kupita kuseri kwa nyumba, kumene ana amasewera. Za mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'masola atsopano ndingonena mwachidule kuti mulibe mtovu wotere, koma amayaka moto akabooledwa kapena akaponyedwa pamoto, choncho nawonso alowe m'dongosolo lomwelo la kubweza.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo mkulu wina wa mpingo wathu wandiuza kale pamaso: kuti malamulo oterewa adzakweza mtengo wa mabatire, ndipo wovutika adzakhala mayi wa kumudzi amene amawerenga makobidi kuti ana awerengere mayeso usiku. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa. Koma luso lopanga mabatire opanda mercury si latsopano. Makampani aakulu anasiya kumuthira m'mabatire wamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo mabatire otero ali kale pa mabenchi athu, pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi enawo. Amene adzachoke pamsika ndi aja opanda dzina ndi dziko, amene kawirikawiri ndi omwenso amatha usiku umodzi, mayi uja n'kubwereranso kuokala m'mawa. Chikole cha batire lalikulu ndi ndalama yobwerera. Ndipo mtengo wa kusachita kanthu ulipo, kungoti saulipira pakauntala, amaulipira mwana m'kalasi. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamalira chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo abwino pa umoyo wawo, ndipo silinapatule anthu ogula zotsika mtengo.

Podikira zonsezi pali zimene sizifuna kudikira Nyumba ya Malamulo. Aphunzitsi anzanga amene mudakali pantchito, bolodi lipakidwe ndi utoto wake kapena ndi makala wamba, mabatire alekeni. Alangizi azaumoyo akamayendera midzi pa nkhani za zimbudzi ndi madzi awonjezerepo mawu awiri a mabatire, kuti asatenthedwe, asaswedwe, asaponyedwe kudzala, ndi kuti timabatire ta batani tibisidwe kutali, popeza mwana akameza kamodzi kamatha kumuotcha kummero m'maola ochepa. Makhonsolo, amene amatolera kale ndalama za misika, angathe kuika mgolo wotseka pamsika uliwonse waukulu, bola pakhale mgwirizano ndi obweretsa mabatire wonena amene adzautenge ukadzaza.

Kwathu, kuyambira tsiku lija la kuseri kwa nkhokwe, mabatire akutha tikuwaika m'chidebe chapulasitiki chovundikira, pamwamba pa kabati pamene ana safika, ndipo oyandikana nawo nyumba atatu ayamba kubweretsa awo. Batire la sola lija linafanso patangotha miyezi inayi, ndipo lili pakona m'chipinda chosungira makasu, asidi ali momwemo, ngakhale wogula zitsulo wabwera kale kawiri kudzalinyengerera. Ndingakondwe akuluakulu a MEPA, a Malawi Bureau of Standards kapena a khonsolo atayankha kudzera m'nyuzipepala yomwe ino, kutiuza milingo imene mabatire olowa m'dziko ayenera kukwaniritsa, ndi kumene ine ndi anzangawa tingakapereke chidebechi chikadzaza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kamwendo, Mchinji